Tsiku Limene Mfumu Inatuluka Buluu

Mu Ufumu wa Zilibwino, mphepo ikasasula denga boma silithamangira kogula misomali. Limayamba lakhazikitsa komiti yofufuza kumene mphepoyo inachokera ndi amene anaituma. Zinateronso ndi Msika wa Tipirire, msika waukulu wa mu likulu la Tawombani. Chimphepo chinanyamula malata onse tsiku lina mu Januwale n'kukawatula m'madimba a eni. Komiti inakhala pansi zaka zinayi. Pomaliza inalengeza kuti mphepoyo inachokera kunja kwa dziko, ndipo inalowa popanda chilolezo.

Zaka zonsezo amalonda ankagulitsa pamtetete, mkati mwa makoma anayi opanda chophimba. Mlendo akawafunsa kuti zinthu zikuyenda bwanji, ankangotchula dzina la dziko lawo, chifukwa yankho lina lililonse linkathera ku ndende ya Kapumeni.

Ndiye Mfumu Ndinendekha Wachitatu inatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi atatu ili pa mpando, ndipo panafunika chinthu choti idzadulirepo riboni. Apa m'pamene Nduna ya Madenga ndi Mithunzi, Olemekezeka a Chikakwiya, anakumbukira kuti anthu a mumsika akunyowa. Analira pa wailesi. Mawa lake analamula kuti denga lijambulidwe.

Ntchitoyo inagwera Sekanawo Mbeta, wojambula mapulani amene ankakhala m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde, pafupi ndi posungira matsache. Makompyuta analipo ambiri mu undunawo, koma ankaphimbidwa ndi tinsalu toluka, pamwamba pake maluwa a pulasitiki. Ya Sekanawo yokha ndi imene inkayatsidwa.

Chimene chimanyamula denga lalikulu ndi mathirasi, zimango za matabwa za makona atatu zija zokhala m'munsi mwa malata. Sekanawo ankawamanga pa kompyuta thabwa limodzi limodzi: mapaso awiri okumana pansonga, mtanda wautali wam'munsi wochokera khoma ili kufika khoma ilo, ndi mzati woimirira pakati. Pulogalamu yakeyo inkamulola kutembenuza denga lonse ngati dengu, kuliona cha pamwamba, cha m'mbali, ngakhale kulowa pansi pake n'kukweza maso. Pafupi ndi khomo lachitatu anaikapo kachithunzi ka munthu, koyezera msinkhu wa denga. Sanakaike pamenepo mwangozi. Pamalo amenewo ndi pamene amayi ake, a Nangondo, ankagulitsa tomato ndi anyezi, ndipo chifuwa chimene anachitola m'mvula ya chaka chatha chinali chisanawasiye.

Patatha milungu itatu, a Chikakwiya anatsika okha kudzaona. Sekanawo atatembenuza dengalo pa galasi, ndunayo inagwira tebulo.

"Mwana iwe, pang'onopang'ono! Ndangodya kumene." Anasuzumira. "Nanga kamtengo kaimirira pakatipa n'kachiyani?"

"Ndi mzati wapakati, bwana. M'mabuku athu amautcha mzati wa mfumu."

A Chikakwiya anaimirira ngati alumidwa ndi linthumbwi.

"Wa mfumu? Ndipo iwe wangokhala nazo chete milungu itatu?"

"Ndi dzina chabe la m'mabuku, bwana."

"Mu Zilibwino mulibe dzina lachabe. Lemba. Mzatiwo ndi Mfumu. Mapaso akumtundawo ndi Nduna. Chimtanda chagona pansicho ndi Anthu Wamba. Lemba ndi zilembo zazikulu, Mwini Dziko maso anayamba kuwavuta."

"Bwana, pali mbali ina yoti muone kaye, yoyesa katundu..."

Koma ndunayo inali itatuluka kale, ikuyeserera mawu oyamba a zimene idzalankhule pamaso pa Mfumu.

Lachinayi m'mawa denga linaonetsedwa pa khoma la bwalo la kunyumba yachifumu. Nduna khumi ndi zisanu ndi zitatu zinakhala m'mipando yofewa, asilikali ali chiimire kumbuyo. A Chikakwiya analankhula ola lathunthu. Anati ngakhale makina a kutsidya kwa nyanja avomera okha kuti popanda Mfumu pakati, palibe denga. Manja anaombedwa mpaka kuwawa.

Mfumu inasangalala. Inalamula kuti dengalo lizungulidwe kasanu, kuti idzione mbali zonse. Kenaka inaloza Sekanawo, amene anagwada pafupi ndi kompyuta.

"Iwe mwana wa eni. Chikagwa chimvula chenicheni, ndi mphepo yomwe, ine ndiimabe chonchi?"

"Makinawa amatha kuyesa, Mwini Dziko."

"Yesa tione."

Sekanawo anayang'ana a Chikakwiya. Iwo anagwedeza mutu mokondwa. Sekanawo anadina batani.

Matabwa onse anasintha mtundu. Mapaso a Nduna anasanduka achikasu. Mtanda wa Anthu Wamba unafiira psuu kuchokera khoma kufika khoma. Mzati wa Mfumu unatuluka buluu.

"Taonani!" Mfumu inamenya ntchafu. "Wabuluu ndine ndekha. Tawauza anthuwa tanthauzo lake."

Sekanawo analoza dengalo pakhoma. Kusukulu anamuphunzitsa zambiri, koma kunama za denga sanamuphunzitse.

"Mtundu ukusonyeza kuchuluka kwa ntchito imene thabwa likugwira, Mwini Dziko. Kufiira ndiye kuti thabwalo likukokedwa zedi, likugwira ntchito yoposa onse."

"Nanga achikasuwo?"

"Mapasowo akalemedwa amakankhira makoma kunja. Mtanda wam'munsiwo ndi umene ukugwira kuti makoma asatagalale."

Nduna zina zinayamba kuyang'ana nsapato zawo.

"Ndiye buluu?"

"Buluu ndiye kuti... katundu ndi wochepa, Mwini Dziko."

"Wochepa bwanji?"

"Pafupifupi palibe."

"Koma ndaima pakati! Ndaima pa chiyani ngati sindikunyamula kanthu?"

"Mzatiwo suima, Mwini Dziko. Umalendewera."

Msilikali wina kumbuyo anatsokomola chifuwa chosamveka bwino, ndipo anamutulutsa.

Mfumu siinakalipe, poti mafumu a Zilibwino akakwiya amapanga malamulo. Pomwepo inapereka awiri. Loyamba linali Lamulo la Mitundu: kuyambira tsikulo kufiira kuzitanthauza ulesi, buluu azitanthauza khama. Lachiwiri linali la denga lenilenilo. Mzati wa Mfumu ukhale chithunthu chonse cha mtengo wa mbawa, choti amuna awiri asachikumbatire. Mtanda wa Anthu Wamba, popeza unadzionetsera pamaso pa akuluakulu, uchepetsedwe ukhale kathabwa kopyapyala ngati ka bokosi. Sekanawo anapatsidwa mpaka Lolemba kuti ajambule zimenezo, asaine kuti dengalo ndi lolimba. Akapanda kutero, ku Kapumeni kunali malo.

Masana omwewo galimoto ya chimkuzamawu inazungulira msika ikuwerenga Lamulo la Mitundu. Amalonda anamvetsera mwaulemu, monga mwa chizolowezi.

"Ndimadabwa kuti tomato wanga sakuyenda malonda," anatero a Nangondo, akumuunjika. "Kani ndi waulesi."

"Nanga thambolo, amayi?" anatero wogulitsa makala, akuloza kumwamba. "Buluu yenseyo ndi khama lokhalokha. N'chifukwa chake limatitsanulira thukuta chaka ndi chaka."

Munthu wina wa maso ofiira ndi kachasu anauza aliyense kuti tsopano boma lamumvetsa. Wina wogulitsa zitenje anatengedwa ndi apolisi chifukwa chouza kasitomala kuti chofiira n'cholimba kuposa chabuluu.

Lachisanu Sekanawo anachita zimene anamulamula. Anakulitsa mzati, anachepetsa mtanda, n'kudina batani. Sipanafunike ngakhale mvula. Kathabwa kam'munsi kanaduka pakati, mapaso anakankha makoma n'kuwagwetsera kunja, ndipo zithunthu za mbawa zinatsika chimodzi chimodzi. Chachitatu chinagwera pa kachithunzi ka munthu kaja, pafupi ndi khomo. Anabweza zonse m'malo mwake n'kuyesanso. Anayesa ndi malata opepuka, anayesa ndi mabawuti owirikiza. Nthawi zonse chithunthu chachitatu chinkagwera pomwepo. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anazimitsa kompyuta n'kupita kumsika.

Anawapeza amayi ake kuseri kwa khoma la msika, atakhala pa benchi ya a Chidothi, kalipentala wokalamba amene anapatsidwa ntchito yodzakhoma dengalo. Sekanawo anafotokoza zonse.

"Sindisaina, amayi. Anditengere ku Kapumeni."

"Ukapita kumeneko denga lisiya kugwa?" anafunsa a Nangondo. "Akutsekera iwe Lolemba, Lachiwiri apeza wina wodziwa kugwira cholembera. Ine ndidzangotaya mwana, mutu n'kudzatayanso."

"Ndiye nditani? Ndisaine kuti mudzaphwanyike?"

A Chidothi anasiya kupala thabwa lawo. Kenaka anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Mwana wanga, ine ndapala matabwa zaka makumi anayi. Sindinaonepo thabwa likucheuka ndikaliitana dzina. Tandiuza, pamene pakufunika mtengo waukulu ndi pati?"

"Pansi. Pa mtanda."

"Amene akufuna mtengo waukulu ndani?"

"Mfumu."

"Basi. Ine sukulu ndinalekeza sitandade fayifi, zinazo umalize wekha."

Apa Sekanawo anamvetsa kuti chofunika kusintha ndi maina, osati matabwa. A Nangondo ndi amene anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa.

"Ndiye ife Anthu Wamba tikhala ati?" anafunsa chifuwacho chitadutsa.

"Kamzati kolendewerako, amayi. Kosagwira ntchito."

"Bola. Chiyambire utsikana wanga ndakhala ndikulakalaka nditalendewera tsiku limodzi lokha."

Lolemba bwalo linadzaza kuposa poyamba, chifukwa mbiri inali itamveka kuti kumangidwa munthu. A Chikakwiya anakhala kutali ndi kompyuta, nkhope itakwinyika ngati sanamuonepo Sekanawo chibadwire. Iye anagwada, mutu uli pansi.

"Mwini Dziko, ndabwera kudzavomera mlandu. Makina sanalakwe. Ndinalakwa ndine. Ndinasokoneza maina."

"Pitiriza."

"Thabwa lalitali kuposa onse, lofika malire ndi malire, logwira makoma kuti dziko lisang'ambike, lingakhale bwanji Anthu Wamba? Limenelo ndinu."

Anadina batani. Denga loyamba lija linaonekanso pakhoma, mtanda uli psuu, ndipo pa mtandapo panalembedwa MFUMU ndi zilembo zazitali ngati munthu. Pa kamzati kabuluu panali tizilembo ting'onoting'ono toti Anthu Wamba.

Mfumu inayang'ana, n'kutsinzina diso limodzi.

"Wandiika pansi pa nduna zanga?"

Sekanawo analoza mapaso aja.

"Nduna zonse zatsamira pa inu, Mwini Dziko. Mukangochokapo, zigwa chagada. Komanso munthu akalowa mumsika n'kukweza maso, woyamba kumuona ndinu. Ndunazo zabisika kumtunda, kumene kumakhala akangaude."

Mfumu inatembenuka n'kuyang'ana nduna zake imodzi imodzi, ngati ikuziona koyamba. Kenaka inaseka, ndipo bwalo lonse linaseka nayo, ngakhale ndunazo.

"Ndakhala ndikunena zaka makumi atatu kuti msana ukundiwawa! Madokotala ankati ndi mipando yofewa. Kani ndi anthuwa."

A Chikakwiya anadumphira kutsogolo n'kulengeza kuti cholakwikacho anachiona ndi iwo Loweruka, ndipo sanagone mpaka mwanayu atachikonza. Palibe anawatsutsa.

Panatsala vuto limodzi. Malinga ndi Lamulo la Mitundu, Mfumu yofiira inali Mfumu yaulesi. Lamulolo linathetsedwa dzuwa lisanapendeke, ndipo galimoto ya chimkuzamawu inabwereranso kumsika kukanena kuti kufiira ndi khama ngati kale. Wogulitsa zitenje uja sanatulutsidwe, chifukwa pa tsiku limene analankhula zoona, zoonazo zinali zisanaloledwe.

Tsopano Mfumu inayamba kudzisamalira. Inalamula kuti mtanda ukhale wa matabwa awiri ophatikiza, a mtengo wouma bwino wopanda mfundo. Inafunsa za chiswe, n'kulamula mankhwala. Inafunsa kuti chimene chimailumikiza ndi nduna n'chiyani, itamva kuti ndi mabawuti, inati awirikize, nduna n'zosadalirika. Sekanawo anajambula zonsezo mokondwa. Koma atayesanso katundu, mtanda wonenepawo sunalinso kuvutika, ndipo kufiira kunazilala n'kusanduka chikasu.

"Ndazilala bwanji?" inafunsa Mfumu, mawu atatsika.

"Ndi fumbi la pa galasi, Mwini Dziko."

Anapukuta galasilo ndi dzanja lamanzere, lamanja likusankha mtundu wofiira n'kuupaka pa mtanda wonse. Limeneli linali bodza loyamba limene anauza kompyuta yake, ndipo anadabwa kuti silinamupweteke.

A Chidothi ndi anzawo anakhoma denga miyezi inayi. Sekanawo ankapita tsiku lililonse ndi tepi yoyezera, kukwera makwerero, kugwedeza bawuti lililonse ndi dzanja lake. Amalonda anasamutsidwa kaye kunja kwa makoma kuti ntchito iyende. Ankasuzumira pa makomo, kuloza malo awo akale, kukangana za amene adzakhale pansi pa thirasi liti. A Nangondo anasoketsa nsalu yatsopano yoyala pa tebulo.

Tsiku lotsegulira linafika. Amalonda analoledwa kulowa m'mamawa kuti Mfumu idzapeze msika wamoyo. Kwa maola atatu anakhala mumthunzi. Ena ankangoyang'ana kumwamba kukamwa kuli yasa. Wogulitsa makala anati akumva ngati walowa m'nyumba ya eni, mwina atuluke kaye akaodire.

Mfumu inadula riboni. Polankhula inati sayansi yatsimikiza kuti anthu wamba amangolendewera pa dziko, koma iyo, mwa chifundo chake, ipitiriza kuwanyamula. Anthu anaomba m'manja. Kenaka inayenda pakati pa matebulo, mutu uli chagada, ikudziwerenga yokha pa thirasi lililonse.

Itafika pa mzere wa nsomba zouma, inakwinya mphuno. A Chikakwiya, amene anali atayamba kuda nkhawa kuti ntchito ikatha aiwalika, anaona mphunoyo.

"Mwini Dziko," ananong'ona, koma mokweza kuti atolankhani amve, "mtima wanga ukuwawa. Fungo limakwera kumwamba. Utsi wa ookcha chimanga umakwera kumwamba. Mawu otukwana a pa malonda amakweranso. Zonsezi zizikathera pa thupi lanu, tsiku ndi tsiku?"

Mfumu inayang'ana mtanda wake, wosalala, wopakidwa vanishi. Inayang'ananso nsombazo.

Lamulo linatuluka madzulo asanakwane. Malo aliwonse okhala pansi pa thupi la Mfumu ndi opatulika. Nyumbayo siidzatchedwanso msika, koma Chikumbutso cha Msana wa Mfumu, ndipo izitsegulidwa kamodzi pa chaka kuti ana a sukulu azidzaona. Amalonda abwerere kunja kwa makoma, kumene boma laona kuti anazolowera kale popanda dandaulo lililonse. A Chikakwiya anavekedwa mendulo. Sekanawo anapatsidwa mpando watsopano wa mawilo.

Mvula yoyamba inagwa patatha milungu iwiri, masana a Lachitatu. Sekanawo anaimva ikuyamba ali muofesi, anatenga ambulera n'kuthamangira kumsika. Anawapeza amayi ake atakhala pa dengu lovundikira, atafunda nsalu yatsopano ija kumutu, madzi akuyenda pakati pa mapazi awo. Kumbuyo kwawo malata atsopano ankalira bwino kwambiri. Pa khomo lachitatu panali loko wamkulu, ndipo msilikali wolondera lokoyo nayenso anali atanyowa chifukwa sankaloledwa kulowa.

Sekanawo anawaphimba ndi ambulera n'kukhala nawo pa dengulo. Sanathe kuwayang'ana kumaso.

"Ndinalakwitsa, amayi. Mtanda uja ndikanausiyira dzina lake lija."

"Bwenzi pano ukundiphimba ndi dothi, osati ambulera. Tasendera kuno, ukunyowa phewa."

Anamvetsera mvula. Kudzera pa mpata wa chitseko ankaona simenti youma gwa, yopanda ngakhale dontho limodzi.

"Tandiuza zoona, Sekanawo. Zoona za ine, osati za kubwalo. Dengali ndi lolimba?"

"Ndi lolimba, amayi. M'dziko muno mulibe lina ngati limeneli."

"Likhala zaka zingati?"

"Akamalipaka mankhwala a chiswe, zana. Mwina kuposa."

A Nangondo anawerenga pa zala, milomo ikugwedera. Anacheukira msilikali uja kuti aone ngati akumvetsera. Anali kumvetsera, koma anayang'ana kumbali.

"Nanga Mwini Dziko chaka chino akwanitsa zingati?"

"Makumi asanu ndi awiri, kudza zinayi."

A Nangondo anafinya madzi m'nsalu yawo n'kuifundanso bwinobwino.

"Ndiye malo anga pa khomo lachitatupo asawapatse munthu," anatero. "Ndikudikira."